Kaya wa Kwathu ndi Kaya wa ku Manyamula

Lachitatu m'mawa ndinanyamuka pa Boma la Mzimba ndili ndi failo imodzi m'chikwama, mtima uli m'mwamba. Ndinali nditangotha miyezi itatu mu ofesi ya boma yoona za chisamaliro cha anthu, pa ntchito yoyang'anira ana opalamula milandu. Kwathu ndi ku Dowa, ndipo Chitumbuka chimene ndinkadziwa nthawi imeneyo chinali "yewo" basi, zikomo wa kumeneko, nayenso ndinkamuponya paliponse.

Failoyo inali ya Wongani, mnyamata wa zaka khumi ndi zisanu. Zaka ziwiri m'mbuyomo anathyola golosale n'kuba shuga ndi mabatire, ndipo khoti la ana linamutumiza ku sukulu ya boma ya ana opalamula, kutali kum'mwera. Kumeneko anaphunzira ukalipentala. Anamutulutsa nthawi yake isanakwane, koma pa lamulo limodzi: azikhala ndi munthu amene walembedwa pa fomu, ine n'kumakamuona mwezi ndi mwezi. Akasowa, abwerera kukamaliza zaka ziwiri zotsala. Pa fomupo ndinalemba ndekha amalume ake, a Nyirenda, akalipentala a pamsika.

Lolemba ndinalandira kakalata ka wapolisi wina wochokera ku Dedza. Analemba kuti mwana kwa amalume ake kulibe, ndipo atawafunsa kumene ali, iwo anayankha kuti kaya. Ndinathamangira ku shedi yawo koma ndinapeza loko. Anali atapita ku Chikangawa kukagula matabwa. Amajisitireti anandipatsa mpaka Lachisanu kuti ndimupeze, apo ayi asayina chikalata choti amugwire. M'failo munali dzina la mudzi umene anabadwira, kuseri kwa Manyamula, ndiye ndinangoti ndikayese kumeneko.

Galimoto ya ofesi inali itabwerekedwa kukatuta amayi ovina ku msonkhano wa chipani, ndipo masiku amenewo sunkafunsa kuti ibwera liti. Ndinakwera lole ya mchere ndi palafini, matambala makumi anayi, kukhala pamwamba pa matumba. Unali mwezi wa Julaye. Mphepo ya ku Mzimba ilibe chisoni ndi mlendo: ndinafunda zitenje ziwiri koma mano ankagundanabe. Tisanatuluke m'tauni anyamata a malaya ofiira anatiimitsa kuti aone makhadi a chipani. Mayi wina amene anali ndi nkhuku m'dengu anaonetsa lake, mmodzi wa anyamatawo n'kuyang'ana nkhuku ija nthawi yaitali, moti ndinaganiza kuti nayonso aifunsa khadi.

Cha m'ma eyiti tinali pa msewu wafumbi, lole ikudumpha m'mabampu ngati mwana wa mbuzi. Pafupi nane panakhala bambo wachikulire wa jekete lakuda, amene anati anali mphunzitsi asanapume. Iye anafunsa mayi wa nkhuku uja m'chinenero chawo kumene akupita, ndipo ndinamva mayiyo akuyankha kuti, "Kukaya."

Ndinaseka. "Abambo, munthu angakwere bwanji lole, kulipira ndalama yake, osadziwa kumene akupita?"

"Akudziwa chomene, amama," anatero mphunzitsiyo. "Akupita kukaya."

"Ndiye ndikunenazo. Akuti kaya."

Anandiyang'ana monga ankayang'anira ana a sitandade wanu. "Imwe Achewa mukati kaya, mbwenu simukudziwa. Ise kuno kaya ndi mudzi. Kukaya ndi kumudzi, kwawo kwa munthu."

Ndinatulutsa kakalata ka wapolisi kaja n'kukawerenganso, mphepo ikufuna kundilanda. Manyazi anandigwira, koma kumtima kunayamba kutentha pang'ono. Sindinafune kusangalala msanga, chifukwa mwana wothawa nayenso amatha kunamiza amalume ake kuti akupita kumudzi.

Tinafika pa Manyamula cha m'ma teni, tonse titatuwa ngati tachokera ku chigayo. Mu tiirumu ndinamwa tiyi wamkaka ndi sikono imodzi yolimba ngati njerwa, matambala asanu ndi limodzi. Nesi wa pa chipatala chaching'ono cha pamenepo, mayi wa ku Ntcheu, anandibwereka njinga yake n'kundilozera njira: ndidutse dambo, ndikafika pa dibi la ng'ombe ndikhotere kumanzere. Sanandiuze za mchenga. Ndi diresi yanga yaitali, imene lamulo linkafuna, theka la ulendo ndinayenda pansi, ine n'kumakankha njinga m'malo moti iyo indinyamule.

Dzuwa lili pamutu ndinalowa m'mudzi wa nyumba zozungulira khola lalikulu. Ndinaodira, anandiyalira mphasa, amayi anabwera mmodzimmodzi kudzandipatsa moni akuwomba m'manja, ine n'kumangoti yewo, yewo. Anandipatsa chindongwa, thobwa la kumeneko, m'chipanda. Funso langa linali pakamwa, koma ndinadziwa kuti mlendo safunsa asanamwe. Ndili mkati momwa ndinamva kulira kwa hamala kuseri kwa nyumba ina. Ndinaika chipanda pa mphasa.

Wongani anatulukira ali ndi pensulo kukhutu ndi utuchi m'tsitsi. Atandiona hamala inagwa pansi.

"Amayi, ndapota, musandibwezereko," anatero Wongani. "Sindinathawe ayi. Anadzanditenga ndi adada akulu."

Adada akuluwo anali a Moyo, mkulu wawo wa malemu bambo ake, munthu wamtali wa makutu oboola. Anakhala pampando n'kuyankhula Chichewa chawo mosathamanga.

"Amama, boma tikuliopa chomene. Koma bambo wa mwana uyu anali mng'ono wanga, ndipo ng'ombe za malowolo tinapereka zonse kwa a Nyirenda. Mwana ngwa muno. Kwa sibweni wake, amene inu mukuti amalume, amapita kukacheza waka, kucheza chabe. Ndiye amene analemba kuti azikhala kumeneko ndi ndani?"

"Ndine," ndinayankha, maso ali pa mphasa.

Tsiku limene Wongani anatsika basi pa Boma, amene anabwera kudzamuchingamira anali amalume ake, chifukwa ndiwo anali pafupi. Kwathu ku Dowa malume ndiye mwini mbumba, ndiye sindinafunsenso kawiri. Ndinalemba mwana wa eni ake m'manja mwa munthu amene kuno alibe naye mphamvu.

Amayi ake a Wongani anandigwira dzanja n'kundionetsa chitseko chatsopano cha nyumba yawo, ndi mabenchi awiri a tchalitchi amene mwana wawo anali kukhoma. Ankasisita thabwalo ngati akusisita mwana wakhanda. Ndinatulutsa fomu ina, ndinalemba dzina la a Moyo, iwo n'kudinda chala. Tinagwirizana kuti ndizibwera Lachitatu loyamba la mwezi uliwonse. Kenaka anandipatsa amasi, mkaka wowawasa, umene ndinaumeza mwaulemu, nkhope nditaiwongola.

Ndinagona kwa nesi uja, ndipo Lachinayi ndinabwerera pa Boma pamwamba pa matumba a chimanga. Mphepo inali yomwe ija, koma sindinaimve.

Lachisanu amajisitireti, bambo a ku Mulanje, anali ndi chikalata chija patebulo.

"Mwanayu ali kuti?"

"Ali kukaya, bwana."

Anatsegula cholembera. "Ndiye kuti simunamupeze?"

Womasulira wa khoti, Mtumbuka, anabisa nkhope m'failo, mapewa akugwedezeka. Ine ndinangoika fomu ya chala cha a Moyo pamwamba pa chikalatacho n'kufotokoza zonse, kuyambira pa lole ya mchere. Bwana anatseka cholembera chawo.

Nditatuluka ndinakhala pa khonde la khoti kwa kanthawi. Kuchokera tsiku limenelo sindinalembenso mu failo ya mwana mawu amene sindinafunse tanthauzo lake. Tonsefe, wapolisi, ine ndi amajisitireti, tinali anthu ofuna zabwino, a mayunifolomu ndi zidindo zathu. Koma wapolisi uja anangotaya "ku" mmodzi, ndipo Wongani akanataya zaka ziwiri.