Khutu la Kumanzere la Luwayo

Luwayo Mtalimanja anabadwira ku Neno, kumtunda kumene mbatatesi imachita bwino kuposa chimanga. Gitala yake yoyamba anaipanga yekha ndi chigubu cha mafuta a galimoto, thabwa la mlombwa ndi mawaya a mabuleki a njinga. Amene anamumva masiku amenewo amati mnyamatayo ankaimba ngati munthu amene wafedwa kale kawiri. Nyimbo zake zinali za madandaulo: za mlamu amene anapita ku Joni osabwerako, za mvula yokanika, za mkazi wodikira basi pa Zalewa. Ankaziimba pamowa, pamsika ndi m'maukwati. Atakwatira Dorcas, mwana wa mkulu wa mpingo, anasiya za pamowa n'kulowetsa gitala m'tchalitchi, koma kaimbidwe kake sikanasinthe. Ngakhale nyimbo yotamanda, ikadutsa m'zala zake inkatuluka ndi kachisoni, ndipo amayi a mvano ankapukuta misozi osadziwa chawaliza.

Gitala sinamudyetse. Chimene chinamudyetsa ndi kuwotcherera zitsulo, ntchito imene anaiphunzira ku Blantyre n'kukaikhwimitsa ku Joni. Mu 2007, pamene migodi ya ku Australia inkalemba aliyense wodziwa kugwira chitsulo, kampani ina inamutengera ku Perth. Dorcas anapeza ntchito yosamalira okalamba, ndipo mwana wawo Samantha pasanathe chaka anayamba kuyankha makolo ake m'Chingelezi cha m'mphuno. Koma chilolezo chawo chokhalira m'dzikomo chinali chomangirira pa ntchito ya Luwayo. Ntchito ikanatha, onse atatu akanayenera kumanga katundu.

Ankauluka pa ndege kupita kumpoto, kumgodi, kukakhala masabata awiri, n'kubwerera kunyumba sabata imodzi. Kumeneko ankakonza mabakete a makina okumba, aakulu oti galimoto ikhoza kulowamo. Tsiku lonse galayinda yopalira zitsulo ikulira, nyundo zikugunda. Zotsekera m'makutu ankapatsidwa, koma nthawi zambiri ankavula cha kumanzere kuti amve zonena za foromani, amene Chingelezi chake chinkathamanga ngati akumuthamangitsa. Luwayo ankaopa kufunsa kawiri.

M'chaka chachinayi, m'khutu lomwelo munayamba kulira ngati mwalowa nyenje. Anaganiza kuti ndi kutopa. Kenako Lamlungu lina, mu holo ya ku Bentley, dera lina la mu Perth, imene Amalawi ndi anthu a ku Zambia ankapempherera masana, anachuna gitala monga mwa nthawi zonse n'kuyambitsa nyimbo. Anaona Fidelis, wa ku Zambia amene ankaphunzira za miyala pa yunivesite n'kumaimba kiyibodi, akumuyang'ana mokwinya nkhope.

“Ba Luwayo,” anatero Fidelis mapemphero atatha, “ka waya kaja kang'ono kanakwela maningi. Simunamvele?”

“Ndi nyengo iyi, achimwene. Mawaya amakoka kukazizira,” anayankha akuseka.

Atafika kunyumba anakadzitsekera m'galaja. Anakhudza kawayako kakhumi. Ankakaona kakunjenjemera, chala chinkakamva, koma khutu la kumanzere linali zii. Anakhala pa chitini cha penti mpaka Dorcas anamuitana kuti chakudya chazizira.

Sanauze munthu. Patangotha masabata atatu kampani inatumiza kalata: onse ogwira ntchito m'phokoso akayezedwe makutu pa chipatala china chaching'ono ku Malaga, mu Perth momwemo, iye tsiku lake Lachinayi. Luwayo anaipinda kanayi n'kuibisa m'bokosi la gitala. Chakudya chinasiya kumukomera. Akayendetsa galimoto ankaganiza za Samantha akulowa sukulu ya ku Neno ndi Chichewa chake chopotokacho, ndi za anthu akumudzi akufunsana kuti kodi uja anapita ku Australia wabwera ndi chiyani. Mnzake wina wa kumgodi anali atamuuzapo kuti kuyezako n'kosavuta: amakuveka zomvera m'makutu, ukamva kulira umadina batani. Luwayo anadziuza kuti iye ndi woimba. Kulirako kuyenera kukhala ndi kayendedwe kake. Akagwira kayendedweko, adzadina pa nthawi yake ngakhale asamve.

Lachitatu m'mawa Dorcas anaima kumanzere kwake ali pa tebulo akumwa tiyi. Analankhula kanthu. Luwayo sanatembenuke. Dorcas anazungulira n'kukhala kumanja.

“Bambo a Samantha, ndakufunsani katatu ngati mukufuna buledi.”

“Ndimaganiza zina.”

“Ine ndimagwira ntchito ndi okalamba tsiku ndi tsiku. Munthu akayamba kupendeketsa mutu chonchi polankhula naye, ndimadziwa. Zayamba liti?”

Luwayo anayang'ana m'kapu. “Miyezi isanu. Mawa akandiyeza.”

“Miyezi isanu! Ndiye mumati mundiuze tili pa bwalo la ndege?”

“Ndikapambana, mayi. Ndaganiza kale mochitira.”

“Mukanamiza makinawo, mubwerera kuphokoso komweko. Khutu linalo likathanso, mudzaimba ndi chiyani? Ine ndinakwatiwa ndi munthu wa gitala, osati ndi mgodi.”

Mawa lake Dorcas anasinthana shifiti ndi mnzake n'kumuperekeza.

Anamulowetsa m'kachipinda kangati kabati, zitseko zake zochindikala. Mayi woyeza makutu anakhala kuseri kwa galasi. Khutu la kumanja linayenda bwino ndithu. Atasinthira kumanzere, Luwayo anamva kulira kuwiri kokhuthala, kenako nyenje yake ija basi. Anayamba kuwerenga mumtima monga amachitira poyambitsa kwaya, n'kudina. Anawerenganso, n'kudina. Atadina kachinayi, mayi uja anatsegula chitseko n'kumuuza mofatsa kuti akudina pamene iye sanatumize kulira kulikonse, ndipo ayambirenso.

Manyazi anamugwira mpaka kumapazi. Ulendo wachiwiri anaika batani pa bondo n'kumadina pokhapokha wamvadi. Anadina kochepa kwambiri.

Dokotala anamuonetsa pepala lokhala ndi mizere iwiri, wina wotsetsereka ngati phiri. Anati khutu la kumanzere lawonongeka kwambiri ndipo zotayikazo sizibwerera. La kumanja layamba, koma likhoza kutetezeka. Lipoti lipita ku kampani.

Yankho linatenga masiku asanu ndi anayi. Ndege ya anzake inanyamuka iye ali pakhomo. Foni ikalira ankaithamangira. Ankatchetcha kapinga wotchetcha kale, kutsuka galimoto yoyera, ndipo Lamlungu anauza Dorcas kuti akauze anthu kuti wadwala chimfine. Dorcas anakana kunama. Anati akangonena kuti sanabwere.

Tsiku lachisanu ndi chinayi a kampani anamuitana ku ofesi. Nthawi imeneyo anthu odziwa ntchito ankasowa, ndipo kampani sinafune kumutaya. Anamuchotsa kumgodi n'kumuika ku wekishopu ya ku Malaga, kuti aziyendera zimene ena awotcherera, kutali ndi magalayinda. Malipiro anatsika, koma chilolezo chinatsala. Anamupatsanso kachipangizo kovala m'khutu. Luwayo anatuluka n'kukhala m'galimoto nthawi yaitali asanalize injini.

Kachipangizoko kanamuthandiza kumva anthu, koma gitala inkamveka ngati akuimbira m'chitini. Poimba amakavula, n'kukhala chopendekera, khutu la kumanja pafupi ndi mawaya. Kuchuna anasiyira kamakina kakang'ono kamene amakapanikiza kumutu kwa gitala, chinthu chimene kale ankaseka nacho achinyamata.

Ndi iye amene anapita kwa Fidelis, n'kumuuza zonse. “Muli ndi kompyuta yojambulira mawu ija? Ndikufuna nyimbo zanga zilowemo ndikadamva.”

“Za mu chechi?”

“Zonse. Ndi za pamowa zomwe.”

Kuyambira pamenepo, Loweruka lililonse masana ankajambula m'galaja, atakhoma mabulangete m'zipupa. Nyimbo zina anali ataiwala mawu ake, ndipo ankaimbira foni mchemwali wake ku Neno kuti amukumbutse. Mchemwaliyo ankaimba pa foni akuseka, mbuzi zikulira kumbuyo. Pofika kumapeto kwa 2012 anali atajambula nyimbo makumi awiri ndi zitatu. Akamaliza iliyonse sankafunsa ngati yakoma. Ankafunsa kuti, “Sindinaphonye?”

Luwayo akugwirabe ntchito ku Malaga, ndipo Lamlungu amaimbabe ku Bentley, maso ali pa zala za Fidelis kuti asasochere. M'mawa uliwonse asanadzuke pabedi amakhwatchitsa zala pafupi ndi khutu la kumanja, n'kumvetsera. Dorcas amamuona.