Kolala Yosatseka

Mayiyo anayamba kuwazindikira a Telala pa maliro a mwamuna wake. Anthu ali pakati poimba, iwo khosi linali m'mwamba, akulondola kambalame kamene kanatera pa denga. Zinamuwawa. Koma patatha mwezi a Telala anafika kunyumba kwake ndi magalasi oonera patali amene malemu ankaonera mbalame, atawasokera lamba watsopano.

"Mlamu, awa si osunga m'sutikesi. Loweruka tiyeni ku maiwe."

Umo ndi mmene mayiyo analowera m'gulu loona mbalame. A Telala anali atakhalamo zaka makumi awiri. Ankasoka pa khonde la sitolo ya zitsulo, ndipo mbalame ankaiona ngati chovala: iyi ya mpendero woyera, iyo ya jekete lothina. Kulemba kokha ndiko kunkawavuta. N'chifukwa chake dzina lawo linali lisanalowepo m'kaundula wa mbalame zosowa, poti lamulo la gulu linali lakuti ukaona yachilendo, ulembe za nthenga zake pomwepo, usanatsegule buku la zithunzi.

Tsiku lina m'mawa, pa dziwe la kuseri kwa fakitale, a Telala anangoti njo.

"Mlamu, cholembera! Musagwedezeke. Lembani: msana ngati suti yosuluka. Kolala yakuda, koma yosatseka kutsogolo, ngati malaya oduka batani. Zathu zija kolala imazungulira khosi lonse. Miyendo yakuda bii. Mwalemba?"

 Kambalame kanatompha m'matope kawiri, n'kuuluka osabweranso.

Kunyumba mayiyo atawerenga zimene analemba, manyazi anamugwira. Suti yosuluka? Batani? Pamaso pa a Tcheyamani, amene kale anali mphunzitsi wamkulu? Anatsegula buku la mbalame la malemu. Mbalame inalidi yomweyo, yosaonekapo kuderalo. Anakopera mawu a m'bukumo pa pepala loyera, ndipo tsamba lamatope lija analiponya pamoto. Ankati akuwathandiza.

Komiti inakumana m'kalasi, akuluakulu atadzipanikiza m'madesiki a ana. A Tcheyamani anawerenga pepala lija mokweza. Kenako anatsegula buku, n'kuwerenganso mawu omwewo, osasiyana ngakhale limodzi.

"A Telala, munayamba liti kuyankhula ngati buku? Mbalameyi munaiona ku dziwe kapena pa chithunzi?"

"Mawa atiuza kuti nthiwatiwa yabwera kudzayezetsa thalauza," anatero a Dokotala, mmodzi wa a komiti.

Kalasi yonse inafa nalo phwete. Mayiyo magazi anawira. Anthu awa! Anthu oti mbalame amaiona a Telala akailoza ndi chala, magalasi odula ali lende pamimba! Ndani mwa iwo anayamba wagwadapo m'matope? Chiyambire kulowa m'gululi anali asanayankhulepo pa msonkhano, koma anaimirira.

"Wokopera ndine. Iwo ananena mawu awoawo, ine ndinasintha."

"Chabwino, mayi. Tsamba loyambalo lili kuti?"

Tsambalo linali phulusa. A Tcheyamani anatenga rula n'kudula mzere pa dzina la a Telala, mosamala ngati akuchonga mayeso. A Telala anavala chipewa, natuluka osatseka chitseko.

M'mawa mwake mayiyo anapita pa khonde paja. Makina ankalira ngati akukalipa, nsalu ikuthamanga pansi pa singano. 

"Alamu, pepani. Ndimaopa kuti akusekani."

Makina anaima. Ku maiwe a Telala sanapondekonso, ndipo akakumana naye m'njira ankangogwira chipewa. Mawu omaliza amene anamuuza ndi a tsiku limenelo, ulusi uli kukamwa, maso ali gwa pa singano.

"Akanaseka batani langa, ndikanaseka nawo. Linali langa, ndipo m'buku mwawomo mulibe batani. Zaka makumi awiri ndikudikira kambalame kamodzi! Nsalu ya mwini sadula asanafunse, mlamu. Sunthani pamenepo, mukunditchingira kuwala."