Sitampa ya pa Phewa la aZulu

Fungo la masamba a bulugamu akamawira limandibwezera ku komboni ya Nabvutika, m'kanyumba momwe ambuya anga aakazi, aNabanda, ankadwazikiramo amuna awo, aZulu. Anasiya munda ku Chipangali kuti akhale pafupi ndi chipatala, khansa itawadya aZulu mpaka m'mafupa. Ndinkawamva akubuula kuseri kwa katani, uku aNabanda akukupiza mbaula pakhonde, utsi wa makala ukuwalowa m'maso.

ANabanda ankakhulupirira manja awo. Mankhwala awo anali kuthowa: ankaviika kansalu m'madzi otentha a bulugamu, n'kukafinya, n'kukanikiza popweteka. Tonse tinakulira kansalu kameneko, ndipo ukati wapsa ankangoti amene akulira ndiye akuchira.

Amalume atabwera kuchokera kuchipatala cha ku Lusaka, anabweretsa tizigamba tonga pulasitala, tomata pakhungu. Anati mankhwala opha ululu ali momwemo, amalowa m'thupi pang'onopang'ono kwa masiku angapo, ndiye tisamamatule. Zina zimene anauzidwa kumeneko anaziiwala m'basi, kapena sanauzidwe n'komwe. AZulu msana wawo unali wodzaza ndi mphini, choncho za mankhwala olowera pakhungu sanadabwe nazo. Anangoseka mofooka n'kunena kuti, "Andimata sitampa, aNabanda. Kwatsala n'kunditumiza."

Kubuula kunatha. Anayamba kumwa phala ndi kufunsa amene akuwakumbira mtedza kumudzi. Tonse tinapuma, koma aNabanda zinkawawawa mumtima kuti kapepala kachita zimene manja awo analephera.

Masana ena mu Juni, kukuzizira, aZulu anadandaula kuti phewa lauma, lomwe lija linali ndi chigamba. Ambuya anasangalala poyera, ntchito yawo inali itabwerera. Anawiritsa bulugamu n'kuthowa pamwamba pa chigamba pomwepo, madzi akazizira n'kutenthetsanso, kenako anawafunditsa mabulangete. AZulu anagona tulo tokoma, kupuma kukutalikirana. Dzuwa lisanalowe anali atatisiya.

Pamaliro aliyense anati ndi khansa. Ine zoona zake ndinazidziwa nditakula, ndikuphunzira za unamwino, mphunzitsi atatichenjeza kuti chigamba chotere chisamayandikire kutentha: mankhwala oyenera kulowa masiku angapo amalowa mothamanga, munthu n'kusiya kupuma. Ndinamva fungo la bulugamu m'kalasi momwemo. Ndinatuluka phunziro lisanathe.

Sindinauzepo amalume, ngakhale amayi. ANabanda akadali moyo ku Chipangali, maso afooka, mawondo akuwavuta. Ndikapita kukawaona amandigwira dzanja n'kundiuza monyadira nkhani yomweyo.

"Ambuya ako anapita bwino, mdzukulu wanga. Ndinawathowa ndekha, anagona osabuula."

Ndimati, "Inde, ambuya." Kenako ndimanyamuka kukawathyolera bulugamu wa mawondo awo.