Homu ya Pamtsinje

Ndisananyamuke ku Chikwawa, mlamu wanga anandikokera kuseri kwa nyumba n'kundichenjeza. "Ku Amereka okalamba sawasunga pakhomo, amakawatula ku homu. Ndipo sakuuzani. Amangoti kapumeni." Mlamu wangayo sanapitirirepo Limbe chibadwire, koma mawu ake ndinawasunga.

Timakhala ku Beech Grove, mu Indianapolis, ine ndi amuna anga, bambo a Chisomo, kulera zidzukulu ziwiri. Mwana wathu Chisomo ndi namwino, ndipo amagwira ntchito ku homu komweko, kumene okalamba amadyetsedwa ndi sipuni. Tsiku lina ndikupukuta mbale zouma kale pafupi ndi chitseko chake, ndinamumva pafoni: "Homu ija ndabukitsa. Ya pamtsinje. Alowa Lachisanu." Madzulo anabwera akumwetulira. "Amayi, adadi, anawa akutopetsani. Kapumeniko ku South Bend."

Lachisanu m'mawa anatitula pa depoti ya basi m'tauni. Tikiti inali ya madola makumi atatu munthu mmodzi. Ndinaitembenuza uku ndi uku. Inali yopita yokha.

"Nanga yobwerera?"

"Tidzakupikani pagalimoto Lamulungu."

"Lamulungu lake liti?"

Anaseka n'kundikumbatira, chinthu chimene sachitachita. Dalaivala ponyamula sutikesi yanga anabuula, n'kufunsa ngati muli njerwa. Munali mapasipoti athu, majekete a m'chisanu ngakhale kunja kunkawotcha, yunifolomu ya Mvano ndi mthiko wanga. Bambo a Chisomo anatenga malaya awiri ndi chipewa.

Tinalowa msewu wa 31 wopita kumpoto. Uku chimanga, uko chimanga, wopalira osaoneka, mlonda osaoneka. Ndinawanong'oneza amuna anga zonse zimene ndinamva.

"Mayi a Chisomo," iwo anatero, "homuyo ikakhala ndi tiyi ndi mpira pa TV, ine ndilibe nayo mlandu." Atatero anagona.

Basi inaima ku Kokomo. Anthu anatsika kukagula khofi, ine ndinatsala pawindo kulondera chitseko cha katundu. Tikudya mandasi ndi nkhuku ya kunyumba, anakwera mtsikana wovala zabuluu za kuchipatala. Atamva Chichewa anapinda maondo.

"Muli bwanji agogo? Ulendo wa kuti?"

"Kuja tikupita." Ndinaganiza kaye, kenako ndinamutchulira dera limene Chisomo anatilembera papepala. "Akuti kuli homu kumeneko."

"Homu? Ayi agogo. Ine ndagwirapo mahomu ambiri mu South Bend. Uko kuli nyumba za madokotala."

Namwino, Mmalawi, basi yomweyi, mpando woyandikana ndi wanga. Ndinadziwa kuti watumidwa. Anandipatsa siwiti, ndinathokoza n'kuiika m'chikwama, ndipo ili momwemo mpaka lero.

Tinafika ku South Bend dzuwa lili pamutu n'kukwera takisi. Ine ndinkaloweza njira, kuti mwina ndidzafunika kuthawa wapansi: tchalitchi cha njerwa zofiira, mlatho, sitolo ya mankhwala. Titayandikira chipatala chachikulu ndinagwira bondo la bambo a Chisomo. Takisi inapitirira. Inakaima pa kanyumba koyera, kokhala ndi khonde lamatabwa lotsikira mpaka m'madzi a mtsinje wa St. Joseph.

Pakhomo panali mayi wachizungu wa imvi, kiyi ali m'manja. Ndinati ndiye metironi ameneyu. Ndinasonkhanitsa Chingerezi changa chonse n'kumufunsa kuti mankhwala amapereka nthawi yanji.

"Mankhwala? Mukudwala?"

"Anzathu ena ali kuti?"

"Anzanu ati? Nyumba yonseyi ndi yanu mpaka Lamulungu."

Anandiika kiyi m'dzanja. Ndinamuyesa kawiri pachitseko mayiyo akuona. Chitseko chinkakhomeka m'kati. Ndinkadziwa kuchokera kwa Chisomo kuti ku homu wokalamba sapatsidwa kiyi, koma sindinafune kugonja msanga, choncho ndinafunsa za ng'ona. Anaseka mpaka kugwira chipupa. "Abakha okha, mayi." Atachoka ndinayang'anabe pansi pa bedi.

Kwathu ku Shire, wokhala m'mphepete mwa mtsinje ndi amene anasowa malo kumtunda. Dzinja lililonse amasenza mphasa ndi mbuzi kukagona kusukulu. Kuno munthu amalipira zochuluka kuti madzi amuyandikire. Tsiku loyambalo ndinakhala pakhonde msana uli kukhoma, kuyembekezera kuti madziwo aonetse khalidwe lawo.

Loweruka ndinadzuka nkhungu ikadali pamtsinje. Abakha ankadutsa pamzere. Azungu awiri anapalasa timabwato topanda ukonde, topanda thumba la chimanga, kupita kumtunda n'kubwerera chimanjamanja, ali okondwa. Ndinawaseka, kenako ndinazindikira kuti nanenso ndakhala chimanjamanja kuyambira m'bandakucha. Palibe ankandiitana kuti agogo juwisi, agogo nsapato yanga. Madzi ankangopita osandipempha kanthu, ndipo maso anga, amene sapuma ngakhale m'tchalitchi, anapeza chinthu chimene sichinkafuna mlonda.

"Chikwama chanu chili kuti?" anafunsa bambo a Chisomo.

Chinali m'nyumba, chitseko chili pululu. Ndinadzuka theka, n'kukhalanso pansi.

"Mwadwala," iwo anatero.

Tinatsika masitepe n'kuviika mapazi. Madzi anali ozizira ngati a m'firiji. Bambowo anandigwira dzanja masanasana, anthu a m'mabwato akuona. Ndinawauza kuti asiye zachibwana, koma dzanjalo sindinalichotse.

Lamulungu titatha kupemphera Chisomo anafikadi. Atayesa kunyamula sutikesi anaibwezera pansi.

"Amayi, masiku awiri okha, muli chiyani umu?"

Ndinawayang'ana bambo ake ndi diso loti akhale chete. Zaka zonsezi diso limenelo sanaliphunzirebe.

"Muli mthiko ndi mapasipoti. Amayi akowa anakumva pafoni. Amati watitula ku homu."

Chisomo anafotokoza kuti m'Chingerezi homu ndi nyumba basi, ndipo za renti ngati iyi amazitchula choncho. Ndinkayembekezera kuti aseka. Anakhala pa sutikesi paja n'kuyang'ana madzi.

"Amayi, ndimasambitsa amayi a eni tsiku ndi tsiku. Ndimawaona mmene amayang'anira kuchitseko Lamulungu. Ndiye inu munakwera basi mukuganiza kuti ndakutayani, osandifunsa?"

"Ndinafunsa za tikiti."

"Munafunsa za tikiti."

Ndinamukhazika pampando wanga wapakhonde, ndinamuvula nsapato ndekha, n'kumuuza kuti atsike aviike mapazi, chifukwa wa ntchito yoimirira ndi iyeyo. Anakana kawiri, kachitatu anatsika. Tinanyamuka mochedwa, ndipo kiyi ndinabweza monyinyirika. Pa msewu ndinamufunsa mtengo wa nyumba ngati imeneyo. Ataunena ndinati mayi wa imvi uja ndi wakuba, ngakhale anali waulemu.

Tsopano ndabwerera ku Beech Grove, kumene windo langa limayang'ana mabini a aneba. Chimene ndaphunzira n'chakuti khutu langa limamva bwino kuposa mutu wanga, ndipo mwana wanga ndinamulakwira chifukwa cha liwu limodzi la chilankhulo cha eni. Iye anandikhululukira tisanafike ku Kokomo. Ine ndikadali kudzikwiyira pang'ono, ndipo masana ana akapita kusukulu nyumba imakula. Inu a ku Indianapolis kuno, mukamachokera kogula ufa ku Lafayette Road, tadutsani mudzandione. Musavutike kuimba foni, nambala yachilendo sindiyankha. Ingogogodani n'kubwerera pang'ono m'mbuyo, pamene ndingakuoneni bwino nkhope ndi manja omwe. Tiyi alipo.