Madzi a Shuga pa Khonde la Atelala

Pamene ine ndinkafuna kuphunzira za mankhwala, kuno kwathu kunalibe yunivesite yophunzitsa ntchitoyo. Boma linkasankha anthu ochepa n'kuwatumiza kunja, ndipo mwayi unandigwera. Inali nthawi ya chipani chimodzi. Tonse tinkadziwa kuti kalata imodzi yokha yochokera ku maofesi a boma a ku City Centre inkatha kukubweza kumudzi, popanda wokuuza chifukwa chake. Nkhani yoipa ikangomveka pa dzina lako, sukulu yathera pomwepo.

Nditamaliza chaka chachitatu ndinabwera kudzaphunzira ntchito miyezi itatu m'sitolo ina ya mankhwala ku Old Town. Mwini wake anali mayi wachikulire wosakonda kuyankhula, ndipo lipoti lake ndilo linali loti lindibwezere kusukulu. Ndinkagona ku Area 9, m'kanyumba ka kuseri komwe malume anga ankakhala monga khukhi, n'kumayenda wapansi m'mawa uliwonse. Ndivomere pano kuti ndinabwera nditafufuma. Mwana wamkazi wa mlimi wa fodya, wokwera ndege, wodziwa mayina a mankhwala otalika ngati chingwe! Odwala ndinkawayankhula ngati ana a sukulu, ndipo chimene chinkandikwiyitsa kwambiri n'choti anthu amamwa mankhwala m'mene afunira: lero amwa, mawa aiwala, mkuja agawirako mnansi.

Pakhonde la sitolo ya nsalu, zitseko zinayi kuchokera pathu, pankasoka atelala ena okalamba, Msilamu wa ndevu zoyera ndi kachipewa koluka. Akazi awo ankakhala pambali pawo kugulitsa mandasi ndi samusa. M'mawa uliwonse ndikamadutsa ankaimitsa makina n'kundilonjera kuti "adokotala", ngakhale ndinawauza kangapo kuti sindine dokotala. Ankangoseka n'kunena kuti wovala zoyera aliyense ndi dokotala, kupatula ophika buledi.

Tsiku lina anabwera ndi pepala la kuchipatala. Anawapeza ndi matenda a shuga, ndipo anawalembera mapiritsi amene tinkagwiritsa ntchito kwambiri masiku amenewo, omwa kamodzi m'mawa koma ogwira ntchito m'thupi tsiku lonse mpaka kupitirira. Abwana anali mkati, choncho ndinawathandiza ndine. Ndinawerenga mapiritsi, ndinalemba pa kaenivelopu bwinobwino, kenaka ndinayamba ulaliki wanga. Ndinawauza kuti amwe limodzi m'mawa uliwonse, asadumphitse ngakhale tsiku limodzi, zivute zitani, ndipo ndikadzamva kuti adumphitsa tidzayambana. Ndinachita kugogoda patebulo ndi chala. Iwo analandira ndi manja awiri nati amva, sadzaphonya.

Sindinawafunse kuti amadya nthawi yanji. M'mabuku anga munalidi mzere wonena kuti womwa mapiritsi amenewa asakhale ndi njala, ndipo pamayeso ndinaukhoza. Koma m'mutu mwanga munthu aliyense ankadya monga tinkadyera kwathu, m'mawa, masana ndi madzulo. Ndinakulira m'mudzi wa Akhristu okhaokha. Za mwezi wa Ramadani, pamene Asilamu amasala chakudya ndi madzi kuyambira m'bandakucha mpaka dzuwa kulowa, kusala kumene iwo amati swaumu, ndinkangozimva patali. Mweziwo unayamba patangopita masiku ochepa, ine osadziwa n'komwe, ngakhale ndinkadutsa pafupi ndi mzikiti kawiri pa tsiku.

Atelala anamvera mbali zonse ziwiri. Ankadya pang'ono kusanache, n'kumwa piritsi lawo monga ndinawalamulira, kenaka n'kukhala pa makina tsiku lonse osalawa kanthu.

Linali Lachinayi masana, cha m'ma 3 koloko, kukutentha, pamene akazi awo analowa m'sitolo akuthamanga, manja ali mafuta okhaokha. Anati abambo sakumveka bwino, akutuluka thukuta ngati awathira madzi, ndipo asoka mkono wa malaya pamalo pa kolala. Nditamva za thukutalo ndinawafunsa ngati abambowo adya masana. Anandiyang'ana modabwa n'kundiuza kuti adya bwanji, anthu akusala.

Apo m'pamene zonse zinandilowa. Shuga wawo anali atatsika kwambiri, ndipo anatsitsa ndi mapiritsi anga aja. Ndinatapa shuga wa tiyi wa abwana, ndinasungunula m'kapu ya madzi, n'kuthamangira kukhonde.

Ndinawapeza atatsamira khoma, manja akunjenjemera, maso akuyendayenda. Anthu anali atayamba kuunjikana. Ankamvabe, ndipo akanatha kumeza, koma nditayandikiza kapu anatseka pakamwa n'kutembenuza nkhope. Ndinawafotokozera m'Chichewa, ndinasakaniza ndi Chingerezi, ndinakalipa. Ndinati akapanda kumwa akomoka, ndipo akakomoka mwina sadzukanso. Anangoloza dzuwa ndi chala. Linali lidakali pamwamba. Mnzawo wina wosoka nsapato, Msilamu nayenso, anagwada n'kuwakumbutsa kuti wodwala amaloledwa kumasula swaumu, adzabweza tsikulo akachira. Iwo anapukusa mutu n'kunong'ona kuti chiyambire ali mnyamata sanamasulepo masana, ndipo sakudwala, angotopa. Ndikudziwa tsopano kuti shuga akatsika munthu amauma mutu kuposa kale. Panthawiyo ndinkangoona munthu akundifera m'manja, maphunziro anga onse ali m'kapu imene sindikanatha kuifikitsa pakamwa pake. Ndinachita mantha kwambiri, ndipo misozi inayamba kutsika anthu akuona.

Akazi awo anandilanda kapu ija. Sanakweze mawu. Anakhala pansi pafupi ndi amuna awo n'kunena kuti:

"Abambo, tamuonani mwanayu. Mapiritsi anakupatsani ndi iyeyu, ndipo msika wonse ukudziwa. Mukafera pano, mawa nkhani ifika ku boma. Amuchotsa sukulu, mwana wa eni ake. Inu mukapita kwa Mulungu ndi swaumu yanu yathunthu, iyeyu atsala ndi chiyani?"

Atelala anatembenuza mutu pang'onopang'ono n'kundiyang'ana. Sindikudziwa ngati ankandiona bwino. Anayang'ana kwa kanthawi, kenaka anatsegula pakamwa, ndipo akazi awo anawamwetsa pang'onopang'ono mpaka kapu inatha. Ndinathamanga kukasungunula ina. Pasanapite nthawi yaitali kunjenjemera kunachepa, ndipo anafunsa kuti wawononga malaya a kasitomala ndani.

Abwana anatulutsa galimoto yawo ndipo tinapita nawo atelala kuchipatala, chifukwa mapiritsi aja akanatha kuwagwetsanso shuga uja akatha mphamvu. Anagonako masiku awiri. Pobwerera tsiku lomwelo m'galimoto tinali awiri, ine ndi abwana, ndipo ndinawauza zonse, mpaka za kugogoda patebulo. Titawoloka mlatho anandifunsa kuti pa odwala amene ndinawathandiza sabata imeneyo, ndi angati amene anali kusala. Sindinadziwe. Anati mawa lake nditenge buku la mankhwala amene tinapereka, ndiyende khonde ndi khonde, ndiwapeze onse ndi kuwafunsa. Ndinayendadi masiku atatu. Ndinapeza mayi wina amene ankamwa mapiritsi ake atatu a tsiku lonse nthawi imodzi dzuwa likalowa, ndi bambo wina amene anangosiyiratu kumwa. Onsewa akanandiuza ndikanawafunsa.

Za lipoti abwana sananene kanthu. Ndinkadikira kuti wina apite kukadandaula. Kukhonde kuja kunali anthu ambiri, ena a iwo ovala mabaji a chipani, ndipo nkhani zinkayenda msanga. Palibe anapita. Ndinamva pambuyo pake kuti aliyense wofunsa, akazi a atelala ankamuuza kuti abambo anadwala ndipo mtsikana wa kusitolo ya mankhwala ndiye anawapulumutsa. Mbali inayo ankaisiya.

Atatuluka m'chipatala ndinapita kwawo ku Area 4 Loweruka masana kukapepesa. Ndinawapeza pamkeka pansi pa mtengo wa mango, ataonda pang'ono. Dokotala anali atawaletsa kusala masiku otsalawo, ndipo zinkaoneka kuti zikuwawawa kuposa matendawo. Ndinagwada n'kuyamba mawu amene ndinakonza njira yonse, koma anandidula. Anati ine sindinafunse, iwonso sananene, ndiye tonse awiri ndife ophunzira. Ndinaumirirabe. Ndinati chikundipweteka n'choti ndawaswetsa chinthu chimene anasunga moyo wawo wonse.

"Zinandiwawadi, adokotala, sindinama," anatero. "Koma tsiku limenelo ndidzabweza ndikapeza bwino, Mulungu analola zimenezo. Nanga inu sukulu mukanaibweza liti?"

Mpaka lero ndimawathokoza, iwo ndi akazi awo, ndipo sindinapeze mawu okwanira. Tsiku limenelo, tidakali pamkekapo, akazi awo, amene anali kusalabe, anatuluka m'nyumba ndi tiyi wa anthu awiri, ndipo ine ndi atelala tinamwa dzuwa lili pamutu.