Nyimbo Nambala 733

Nyumba itapsa, Zlatka anatsala ndi jekete limodzi. M'thumba mwake munali kachipangizo kosungira nyimbo ka mwamuna wake Parvan, amene anafera m'motomo. Kompyuta yake nayo inapsa.

Anakakhala m'tauni ya Troyan kwa mlamu wake Ognyan. Pachitseko anali atamatapo pepala lolengeza maliro lokhala ndi chithunzi cha malemuyo, moti potuluka ndi polowa Zlatka ankakumana ndi maso a Parvan.

Kwa zaka zambiri Parvan ankayenda m'midzi ya kumapiri kujambula nkhalamba zikuimba, nayenso akuthirako mawu. Zonsezo tsopano zinali m'kachipangizoko basi, ndipo batire yake inali itayamba kutupa. Zlatka ankafuna kuzipulumutsa, kuti pa mwambo wa tsiku la makumi anayi chimwalirire Parvan, pamene mzimu umatsanzika, anthu adzamve mawu a malemuyo.

Ognyan analumikiza kachipangizoko ku kompyuta yake. Pulogalamu ya kampani yopanga kachipangizoko inatulutsa funso: kodi ifufute zonse n'kuikamo nyimbo zatsopano?

"Dinani pa 'Inde', alamu," anatero Ognyan. "Kufunsako n'kwa ulemu chabe, ngati mmene ndimafunsira ndisanathire tambula yachitatu."

Zlatka anazula chingwe.

"Iii! Inu amene munalephera masamu kawiri, lero mwasanduka katswiri?" anatero Ognyan.

"Kuwerenga sindinalephere, alamu. Palembedwa kuti kufufuta."

M'mawa uliwonse ankapita ku laibulale ya m'tauni. Ngakhale kulemba pa kompyuta kunkamuvuta. Woyang'anira laibulaleyo, mayi Boryana, anamuuza kuti alipo mapulogalamu ena, olembedwa ndi anthu ongodzipereka, amene amakopera nyimbo osafufuta kanthu.

Pulogalamu yoyamba sinakaone n'komwe kachipangizoko. Yachiwiri inangouma. Zlatka ankawerenga malangizo cholozera ndi chala, n'kumalemba m'kope. Masiku ankatha, kachivindikiro ka batire kakunka nikakwezeka.

Atatsala masiku khumi ndi awiri kuti mwambowo uchitike, pulogalamu yachitatu inatseguka. Nyimbo zoposa chikwi zinandandalika, ndipo anazikopera zonse. Koma Parvan sankazipatsa mayina, zinali ndi manambala okha. Zlatka anavala mahedifoni n'kuyamba kumvetsera imodziimodzi, kulemba mudzi ndi woimba. Ambiri mwa oimbawo anali atagona kale kumanda.

Pulogalamuyo inkaonetsanso kuti nyimbo iliyonse yaimbidwa kangati, ndi tsiku limene inalira komaliza. Zonse zinathera pa tsiku la moto kapena m'mbuyo mwake, kupatula nambala 733. Imeneyo inalira masana a tsiku lachisanu ndi chinayi Parvan atamwalira. Tsikulo banja lonse linali kumanda, jekete lili pamsomali, nyumba ili yokhoma.

"Mawotchi a tizipangizoti amasokonekera, achemwali," anatero Boryana. Koma anadzilemba chizindikiro cha mtanda, n'kupita kukapukuta mashelefu oyera kale.

Zlatka anadina pa nyimboyo. Munalibe nkhalamba. Munamveka mbale, madzi a pampopi, ndi mkazi akung'ung'udza nyimbo m'khitchini imene tsopano ndi phulusa. Anali iye mwini. Nyimboyo itadukira pakati, mawu a Parvan anamveka pafupi, ngati ali kumbuyo kwa mpando.

"Waimiranji? Pitiriza, Zlatka."

Inali itaimbidwa maulendo 612. Sanacheuke. Anailemba dzina, napita pa 734.

Pa tsiku la makumi anayi anthu anadya tirigu wophika monga mwa mwambo, Parvan akuimba kuchokera pa kompyuta ya Ognyan. Ognyanyo anati akukasuta panja, chikhalirecho fodya anasiya zaka khumi zapitazo. Madzulo ake kachipangizoko kanazima, ndipo sikanayakenso.

Lero Zlatka ndiye amasamala nyimbo zakale ku nyumba ya chikhalidwe ya m'tauniyo. Lachinayi lililonse amakhala pa tebulo limene ankakoperapo nyimbo ku laibulale, ndipo anamfedwa amabwera ndi tizipangizo ta abale awo, atatikulunga m'mipango. Funso lake loyamba n'limodzi: "Munadina pa 'Inde'?" Za 733 safotokoza. Amangoti wotchiyo mwina inasokonekeradi.

Inu amene mwatsala ndi kanthu kamodzi m'thumba, musafulumire kudina pamene akukulozerani. Zulani chingwe, khalani pansi, muphunzire. Choyamba chikakana, yesani chachiwiri ndi chachitatu. Mtima usagwe. Pitirizani.