Maaisi a Amayi pa Malata

Ndikukumbukira Kanyama, komboni yathu ya m'tauni, masiku aja ufa unkagulidwa pamzere. Kanyama ndi wosalala ngati thebulo, ndipo chitunda chachikulu chomwe tinkadziwa chinali mulu wa zinyalala kuseri kwa msika. Ndiye tsiku limene aphunzitsi athu, a Tembo, anajambula phiri la Kilimanjaro pabolodi, tonse tinangoti kukamwa yasa. Anati m'munsi mwake anthu amalima nthochi thukuta lili kamukamu, koma pansonga pake pali madzi oundana chaka chonse. Lamulo lake tinaliloweza ngati nyimbo: ukamakwera, kumazizira.

Nditafunsa atate, omwe anabadwira ku Mulanje, anavomereza monyada kuti pamwamba pa phiri lakwawo mano amagundana ngakhale mu Okutobala. Akuluakulu awiri sanganame, ndinatero mumtima.

Nthawi imeneyo atate anali atachotsedwa ntchito kufakitale, moti pakhomo tinkadyera maaisi a amayi, timadzi tofiira totsekemera tomanga m'mapulasitiki. Ankaumitsa m'firiji ya oyandikana nafe n'kumagulitsa pakhomo. Loweruka lina kukutentha koopsa, kunamveka kuti kusitolo kwafika ufa. Amayi anathamangira kumzere, n'kundisiyira beseni lodzaza maaisi pamthunzi, atalifunditsa chiguduli chonyowa. Anandichenjeza kuti asasungunuke.

Ine, mwana wasukulu, ndinawamvera chisoni amayi kuti sadziwa za mapiri. Ndinakwera pa diramu n'kuyala maaisi onse padenga la malata, malo okwera kuposa onse pakhomo pathu. Malatawo anandiwotcha zikhatho, koma ndinadziuza kuti kuzizira kumayamba pang'onopang'ono.

Amayi anabwera masana chimanjamanja, ufa utawathera pamphuno, n'kupeza timatumba tawo tonse tafunda ngati tiyi.

"Iwe Tisa, ndani anakuuza vamene ivi?"

"Ni ba Tembo na batate. Banakamba ati pamwamba pamazizira."

Atate anakumbukira mwadzidzidzi kuti ali ndi mnzawo wodwala ku Chawama. Amayi sanandimenye. Anakhala pansi n'kuseka mpaka misozi, ndipo misoziyo inapitirira kuseka kutatha. Zinandipweteka kuposa chikwapu. Tsiku limenelo chakudya chathu chinali maaisi ofundawo.

Lero ana anga amaona mapiri pafoni, ndipo firiji ndili nayo yangayanga. Amayi akalamba ndipo zambiri amaiwala, koma magetsi akangozima amandiyang'ana cham'mbali: "Tisa, malaiti yayenda. Kwela uike nyama pa malata."